Ukalamba Si Nthenda

M'dziko la Mfumu Madzimawe, ku Kasenengwa, munali mkulu wina wa zaka 70, mlimi wa nshawa, amene anayamba kumva kuwawa kunsi kwa nthiti za kudzanja lamanja. Atampima ku cipatala ca ku Chipata, anapeza cotupa ca khansa m'ciwindi mwace. Abale anasonkhana, ndipo ambiri anati, "Munthuyu wakula, kumtengera ku Lusaka nkumsautsa cabe." Mwini wace anabvomereza mau amenewa, poopa kutha ng'ombe za ana ace. Koma mwana wace wamkazi anati, "Atate, amene wawerenga zaka zanu ndani? Dotolo sanatero."

Mkaziyo ananena zoona. Pali njira yocepetsera cotupa cotere, imene madotolo aicha TACE. Ciwindi cilandira mwazi mwa mitsempha iwiri, koma cotupa cidya makamaka mwa umodzi. Cifukwa cace dotolo alowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa pa nchafu, nakayendetsa kufikira pa cotupa. Athira mankhwala opha khansa pomwepo, natseka mtsemphawo, monga munthu atseka ngalande ya madzi kuti udzu ufote, mbeu zotsala zisafe. M'caka ca 2002 madotolo a ku Barcelona ndi ku Hong Kong anaonetsa kuti njirayi italikitsa moyo wa odwala osankhidwa bwino. Siicotsa nthenda yonse, ndipo wodwala amva malungo, mseru ndi kuwawa masiku angapo.

Posankha odwalawo, cimene dotolo ayang'ana koposa si imvi ai. Afunsa ngati maso asanduka acikasu, ngati m'mimba mwadzala madzi, ngati impso zigwira nchito, ngati munthu akali kudziyendera yekha. Nkhalamba ya ciwindi colimba ikhoza kupirira mankhwalawa, pamene mnyamata wa ciwindi coonongeka sangathe. Mdani weniweni ndiye kucedwa, pakuti mwezi uli wonse wotayidwa pa makambirano udya mbali yotsala ya ciwindi. Pomva izi mkulu uja anagulitsa ng'ombe imodzi, nakwera basi pa mseu wa Great East, ulendo wa makilomita oposa 500, kunka ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital, cipatala cotsegulidwa m'caka ca 2007, kuti akamve cimene ciwindi cace cingalole.

Nthenda imeneyi iri ndi magwero odziwika: kacirombo ka hepatitis B, mowa wopitirira, ndi ululu wa cuku comera pa nshawa ndi cimanga zosungidwa zisanaume. Katemera wa hepatitis B ateteza makanda, ndipo dzuwa ndi nkhokwe yosadontha ziteteza mudzi wonse. Koma kwa amene nthenda yawagwira kale, mudzi uli ndi mangawa ena. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsono dambo lotere siliyenera kusiyidwa kuti liume popanda wofunsa kwa dotolo ngati madzi angabwezedwemo.