Ulendo wa ku Goodison Park: tsiku lomwe nkhwangwa idaphonya Everton

Mpira wa ku England uli ndi lamulo lomwe limachititsa kuti masewero a matimu a kumunsi kwa ligi akhale owawitsa mtima kuposa a matimu olimbirana chikho. Lamulolo ndi lakuti mwa matimu 20 a mu Premier League, atatu omwe atsiriza ndi mapointi ochepa pakutha pa masewero 38 amatsitsidwa kupita mu ligi yachiwiri yotchedwa Championship, ndipo malo awo amatengedwa ndi matimu ena atatu ochokera m'ligi ya m'munsiyo. Kutuluka mu ligi kotereku, komwe okonda mpira amakufanizira ndi kugweredwa nkhwangwa, kumabweretsa manyazi pamodzi ndi umphawi, chifukwa ngakhale timu yotsirizira mu Premier League imalandira pafupifupi mapaundi 100 miliyoni pachaka kuchokera ku ndalama za wailesi za kanema, pamene mu Championship ndalama zotere n'zochepa kwambiri. Ulendo womwe ukufotokozedwa pano udali wokaona momwe mantha a kutuluka mu ligi amagwirira anthu a mumzinda wa Liverpool, ndipo udachitika Lamulungu pa 28 May 2023, tsiku lotsiriza la ligi, pamene timu ya Everton imalandira Bournemouth pabwalo lake la Goodison Park.

Mlendo wochokera ku London amakwera sitima ya pamtunda pa siteshoni ya Euston, ndipo patatha maola awiri ndi mphindi zingapo amatsikira pa Lime Street, pakatikati pa mzinda wa Liverpool, womwe uli m'mbali mwa mtsinje wa Mersey kumpoto chakumadzulo kwa England. Tsiku limenelo mkangano udayambira m'sitima momwemo, pakuti ochemerera ovala malaya abuluu adali atawerengera kale masamu a tsikulo ndipo amangowabwereza ngati mwana woloweza phunziro. Everton idali ndi mapointi 33, pamene Leicester City ndi Leeds United zidali ndi 31 iliyonse, ndipo popeza Southampton idali itatuluka kale, matimu awiri mwa atatuwa amayenera kuitsatira. Kupambana kukadaipulumutsa Everton popanda kudalira wina, koma kufanana mphamvu kukadaiika m'manja mwa adani ake, chifukwa Leicester ikadapambana ikadafikanso pa mapointi 34 n'kuiposa pa kusiyana kwa zigoli, komwe ndi chiwerengero chotsala ukachotsera zigoli zomwe timu yagoletsedwa pa zomwe yagoletsa.

Kuchokera pakati pa mzinda, msewu wopita ku Goodison Park umalowera kumpoto kudutsa dera la Everton, komwe pachitunda pali kansanja kakale ka njerwa komwe kadamangidwa mu 1787 kuti kazikhala kosungiramo anthu oledzera ndi osokoneza mtendere usiku umodzi, ndipo kansanja kameneka ndi komwe kamaoneka pa chizindikiro cha timuyi. Bwalo lenilenilo lili m'dera la Walton, lopanikizika pakati pa mizere ya nyumba zing'onozing'ono za anthu ogwira ntchito, mwakuti mlendo amangoliona litatulukira kumapeto kwa kamsewu ngati khoma lalitali labuluu. Pangodya ina ya bwaloli pali tchalitchi cha St Luke, chomwe chidagundana ndi malo okhala ochemerera, ndipo kungodutsa paki ya Stanley Park munthu amafika ku Anfield, kwawo kwa Liverpool FC. Kuyandikana kumeneku kuli ndi mbiri yake, pakuti Everton, yomwe idayamba mu 1878 ngati timu ya anyamata a mpingo wa Methodist wa St Domingo, inkasewera ku Anfield mpaka mu 1892, pamene idakangana ndi mwini malo John Houlding pa nkhani ya lendi n'kusamukira ku Goodison Park, ndipo Houlding adakhazikitsa Liverpool FC kuti bwalo lake lisakhale lopanda timu. Choncho mkangano wa pakati pa timu ndi munthu wachuma woisamalira ndi wakale ku Everton ngati bwalo lomwelo.

Mantha a anthu a ku Walton amamveka bwino munthu akadziwa chomwe amaopa kutaya. Everton idatenga chikho cha ligi ka 9, komaliza mu 1987, ndi chikho cha FA Cup kasanu, komaliza mu 1995, ndipo m'mbiri yake yonse idatulukapo mu ligi yaikulu kawiri kokha, mu 1930 ndi mu 1951. Kuyambira pomwe idabwerera mu 1954 idakhalamo mosadukiza, kotero kuti mu 2023 ngakhale agogo azaka pafupifupi 70 adali asadaonepo timu yawo ikusewera m'ligi yachiwiri. Kunja kwa bwalo kuli chiboliboli cha Dixie Dean, yemwe adagoletsa zigoli 60 mu ligi ya 1927 mpaka 1928, chiwerengero chomwe palibe adachifikanso, ndipo pabwalo lomweli ndi pomwe Eusébio, mbadwa ya ku Mozambique yomwe inkasewerera Portugal, adagoletsa zigoli zinayi pogonjetsa North Korea 5-3 mu World Cup ya 1966.

M'malo omwera mowa a mumsewu wa County Road ndi Goodison Road, komwe ochemerera amasonkhana maola angapo masewero asadayambe, mlandu woyamba kukambidwa udali wa mphunzitsi. Sean Dyche adabwera kumapeto kwa January 2023 kulowa m'malo mwa Frank Lampard, yemwe adachotsedwa timu ili pa nambala 19 ndi mapointi 15 okha pa masewero 20. Omuikira kumbuyo Dyche amakumbutsa kuti m'masewero ake oyamba adagonjetsa Arsenal 1-0 pomwe timuyo imatsogola ligi, kuti adakaswa Brighton 5-1 pakwawo, ndiponso kuti munthu yemwe adasamalira Burnley kwa zaka pafupifupi khumi ndi ndalama zochepa ndiye amadziwa kuyendetsa bwato pa namondwe. Omutsutsa amati kaseweredwe kake, komwe kamadalira kutchinga kumbuyo ndi kuponya mipira yaitali kutsogolo, n'kosayenera timu yomwe kale inkatamandidwa chifukwa cha mpira wopatsirana mwaluso. Ena amamumverabe chisoni Lampard, pokumbukira usiku wa mu May 2022 pamene Everton, itagoletsedwa zigoli ziwiri ndi Crystal Palace, idabweza n'kupambana 3-2 ndi kupulumuka. Komabe mbali zonse zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mphunzitsi aliyense amaphika ndiwo zomwe wapatsidwa, ndipo timu yomwe idagulitsa Richarlison ku Tottenham ndi Anthony Gordon ku Newcastle, osagula wosewera ndi mmodzi yemwe mu January 2023, idalibe wogoletsa wodalirika, makamaka popeza Dominic Calvert-Lewin amavulala pafupipafupi ndipo tsikulo sadasewere.

Mfundo imeneyi imatembenuzira mkangano kwa mwini timu, ndipo apa mawu amakwera. Farhad Moshiri, mpondamatiki wa ku Britain wobadwira ku Iran, adagula magawo 49.9 pa 100 aliwonse a timuyi mu February 2016, ndipo pofika mu 2022 adali ndi magawo oposa 94. Palibe yemwe amamunena kuti ndi woumira, pakuti adathira ndalama zankhaninkhani pogula osewera ndiponso adayambitsa ntchito yomanga bwalo latsopano pa doko lakale la Bramley-Moore, m'mbali mwa Mersey. Chomwe ochemerera amadandaula n'chakuti ndalamazo zidamwazidwa popanda ndondomeko. M'zaka 7 adalemba aphunzitsi 7, omwe ndi Ronald Koeman, Sam Allardyce, Marco Silva, Carlo Ancelotti, Rafael Benítez, Lampard ndi Dyche, ndipo anthuwa ndi osiyana nzeru za mpira ngati usana ndi usiku, mwakuti aliyense amapeza osewera ogulidwira kaseweredwe ka mnzake, n'kupempha ena atsopano, pamene akalewo akupitiriza kulandira malipiro okwera. Kulemba ntchito Benítez, yemwe adaphunzitsapo Liverpool kwa zaka 6, kudaoneka ngati umboni wakuti mwini timu samva kulira kwa anthu ake. Vuto lidakula mu March 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, pamene timu idaimitsa mapangano ake ndi makampani okhudzana ndi Alisher Usmanov, mnzake wa Moshiri pa malonda, omwe ankaithandiza ndi ndalama. Udani udafika poti kuyambira pa masewero a Southampton a pa 14 January 2023 akuluakulu a bodi, kuphatikizapo wapampando Bill Kenwright, adaleka kubwera ku Goodison Park atalangizidwa kuti chitetezo chawo chili pachiopsezo, ndipo mipando yawo idali yopanda anthu mpaka tsiku lotsirizali.

Mkangano wonsewo udatha mwadzidzidzi pamene nthawi ya masewero idayandikira. Misewu yozungulira bwalo idadzaza utsi wabuluu ndi nyimbo, ndipo anthu omwe amatsutsana za Dyche ndi Moshiri adalowa m'bwalo la anthu oposa 39,000 ali ndi liwu limodzi. Akale adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ochemererawa adadziwa kuti timu ikatuluka mphunzitsi adzapeza ntchito kwina, osewera adzagulidwa ndi matimu ena, mwini timu adzawerengera zomwe wataya n'kugulitsa, koma iwo adzatsala ndi manyazi pamaso pa abale awo ochemerera Liverpool, omwe nthawi zambiri amakhala nawo nyumba imodzi. Chigawo choyamba chidatha popanda chigoli, ndipo uthenga wa pa mafoni a m'manja udazungulira bwalo lonse wakuti Harvey Barnes wagoletsera Leicester pokumana ndi West Ham, kutanthauza kuti pa nthawi yopumira Everton idali m'gulu la matimu otuluka. Bata lomwe lidagwa pamenepo lidali la pamaliro.

Pa mphindi ya 57 mpira udagwera Abdoulaye Doucouré, wosewera pakati wa timu ya dziko la Mali, kunja pang'ono kwa malo a goloboyi, ndipo iye adaumenya mwamphamvu n'kuulowetsa mu ukonde. Phokoso lomwe lidatsatira lidagwedeza mipando ya m'zigawo zakale za bwalolo, koma chimwemwecho chidasanduka nkhawa ya theka la ola ndi mphindi zambiri zowonjezera, m'mene goloboyi Jordan Pickford adatchinga mpira woopsa womwe ukadabweza chigolicho. Woyimbira ataliza wezulo yomaliza, Everton idali itapambana 1-0 ndi kutsiriza pa nambala 17 ndi mapointi 36, itagoletsa zigoli 34 zokha m'ligi yonse. Leicester, yomwe idatenga chikho cha ligi mu 2016, idatuluka ndi mapointi 34 ngakhale idapambana 2-1, ndipo Leeds idatuluka itagonja 4-1 kwa Tottenham. Chodabwitsa kwa mlendo n'chakuti misozi ya chisangalalo isadaume, anthu adayamba kufuula kuti bodi ichoke, kusonyeza kuti sadaone kupulumukako ngati chikhululuko cha omwe adawafikitsa pamenepo.

Zomwe zidachitika pambuyo pake zidaonetsa kuti ochemererawo adaloza pomwe padali chilonda. Malamulo a Premier League a nthawiyo ankalola timu kuluza ndalama zosaposa mapaundi 105 miliyoni pa zaka zitatu, ndipo mu November 2023 Everton idalandidwa mapointi 10 chifukwa chopyola malirewo, chilango chomwe chidatsitsidwa kufika pa mapointi 6 itachita apilo, kenaka idalandidwanso ena awiri mu April 2024. Mvula ikakuona litsiro siikata, pakuti ngakhale malonda ogulitsa timuyi ku kampani ya ku America ya 777 Partners adalephereka patatha miyezi yambiri yodikira. Dyche adaipulumutsanso timu mu 2024 potsiriza pa nambala 15, koma naye adachotsedwa mu January 2025, patangopita milungu yochepa kuchokera pomwe Friedkin Group, eni ake a AS Roma, adagula timuyi kwa Moshiri, ndipo David Moyes, yemwe adaiphunzitsapo kuyambira 2002 mpaka 2013, adaitanidwanso. Pa 18 May 2025 timu ya amuna idasewera masewero ake omaliza pa Goodison Park, n'kugonjetsa Southampton 2-0 ndi zigoli za Iliman Ndiaye wa ku Senegal, isadasamukire ku bwalo latsopano la anthu oposa 52,000, ndipo bwalo lakale lidasiyidwira timu ya amayi.

Sitima yobwerera ku London usiku wa pa 28 May 2023 idanyamula anthu osasa mawu, omwe amakambiranabe za yemwe ayenera kutsala ndi yemwe ayenera kuchoka. Phunziro la ulendowu likukhudza aliyense wokonda timu yodalira thumba la munthu mmodzi kapena kampani imodzi, monga momwe matimu ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia alili. Mphunzitsi ndiye amaoneka pa mzere wa bwalo sabata ndi sabata, choncho ndiye amayamba kulozedwa chala, koma timu yomwe yasintha aphunzitsi 7 m'zaka 7 n'kumatsikabe yaonetsa poyera kuti matenda ake ali mu ofesi. Ochemerera ali ndi ufulu wofunsa momwe ndalama za timu yawo zikuyendera, yemwe akusankha osewera ndiponso chomwe chidzatsale wothandizayo akadzatopa, ndipo mafunso amenewa ayenera kufunsidwa ligi ikamayamba, timu isadafike podikira chigoli chimodzi cha pa mphindi ya 57 kuti ipulumuke.