Zimene Ndidakumbukira pa Phiri la Zomba

Amayi anzanga, phiri la Zomba ndidalikwera ndili ndi mlandu mumtima. M'buku la gulu lathu la amayi osoka mudasoŵa K45,000, ndipo ine wapampando ndidali nditagamula kale kuti wadya ndalamazo ndi msungichuma. Mwini wakeyo sitidamfunse, popeza adali kuchipatala kudwazika mayi ake. Mau okamuyalutsa nao pamsonkhano wa Lachitatu ndinkawabwereza usiku m'malo mogona. Mng'ono wanga wa ku Chinamwali ataona kuti nkhope yanga yagwa, adati, "Achemwali, tiyeni kuphiri mukapitidwe mphepo."

Msewu wochokera m'tauni umakwera mokhotakhota, phompho lili pambali, ndipo ukamafika pamwamba umafuna chitenje chachiŵiri chifukwa cha kuzizira. Anyamata amaima m'mbali kugulitsa sitiroberi. Tidadutsa damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi amene anthu a mumzinda wa Zomba amamwa. Mitengo ya paini ilipo, komatu malo ambiri angotsala zitsa, zomwe zidandimvetsa chisoni.

Tidakafika pamalo otchedwa Emperor's View, dzina lokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene idacheza kuno mu 1965. Mng'ono wanga adatengana ndi ana kukajambulana, ine ndidakhala pamwala ndekha, foni ili m'chikwama.

Musaganize kuti mtima udangoti zii nthaŵi yomweyo. Poyamba m'mutu mudali msika weniweni: fizi ya mwana, feteleza, ndiwo zamadzulo, ndi mau aja a Lachitatu. Manja adasoŵa chogwira, pakuti ife amayi tikakhala pansi timakhala tikusadzula ndiwo kapena kutongola chimanga. Kukhala chabe kudandichititsa manyazi ngati ndikuba.

Pang'ono ndi pang'ono maso adayamba kuona. Pansi pangapo padali Zomba, mzinda umene udali likulu la dziko lino kufikira 1975, koma nyumba zake zinkaoneka ngati za ana kumasanje. Chakum'maŵa nyanja ya Chilwa inkanyezimira, chilumba cha Chisi chili m'kati mwake. Nyanja imeneyi imalandira mitsinje koma ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mu 1968 ndi mu 1995 idaphwa, asodzi a matemba nkusoŵa pogwira. Kutali cha uko kudali phiri la Mulanje litafunda mitambo. Mphepo yokha ndiyo inkamveka m'maudzu.

Nonse mukudziŵa madzi otunga kumtsinje mvula itagwa. Ukawavundula sayera, umawasiya mumtsuko, matope nkutsika okha. Ndi mmene zidandichitikira. Sindidakakamize kuganiza chilichonse, koma patapita ngati ola limodzi usiku wina wa mwezi wa Malichi udabwera wokha m'maganizo. Mwamuna wa mnzathu wam'gulu adamwalira, mvula ikugwa, bokosi palibe, galimoto yonyamula maliro ikufuna ndalama. Msungichuma adandiyang'ana, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndidati, "Perekani mayi, tilemba maŵa." Maŵalo tidatanganidwa ndi kuphika pamaliro, ndipo m'buku simudalembedwe kanthu.

Thupi lonse lidazizira, osati ndi mphepo ya kuphiri. Masabata atatu ndidakhala ndikuŵerenga bukulo ndi mkwiyo, kuŵerenga ndi kubwereza, osapeza mpata wodzifunsa ndekha. Kukadapanda mwala umenewo, Lachitatu ndikadatcha wakuba mayi amene wasunga chuma chathu zaka 6 popanda kusoŵetsa ngakhale tambala, ndipo dzina lotero m'mudzi silifufutika, limatsata ndi ana omwe.

Si tonse tingakwere phiri, ndipo mtengo wa galimoto ngwoŵaŵa. Koma patsinde pa mango kuseri kwa nyumba mwinanso nkokwanira, ana atapita kusukulu, lichero litapachikidwa, wailesi itatsekedwa. Odutsa adzati ndi ulesi, ndipo abambo ena adzafunsa ngati mwadwala. Asiyeni. Ine ndimatero tsopano m'mamaŵa uliwonse madzi osamba ali pamoto, makamaka tsiku limene ndili ndi nkhani yoti ndikaweruze.

Tidatsika dzuŵa litapendeka, ana atadetsa milomo ndi sitiroberi. Lolemba ndidagula shuga ndi sopo ndi kupita kuchipatala. Ndidawapeza akuchapa kuseri kwa wodi, ndipo ndidagwada nkunena kuti, "Mayi, ndabwera kudzapepesa, ndidakuganizirani zoipa." Iwo adapukuta manja m'chitenje, adamasula mfundo ya pangodya, natulutsa kapepala kopindapinda kamene adalembapo okha usiku wa maliro uja: bokosi K30,000, galimoto K15,000. Lachitatu ndidaimirira pamaso pa amayi onse, ndidafotokoza kulakwa kwanga, ndipo ndalamazo ndidazilemba m'buku ndi dzanja langa.