Galimoto Yoyenda Ngati Nkhanu

Pa zaka makumi atatu zimene ndakhala ndikugwira choko, ndalangiza ana ambirimbiri kuti asamayankhe funso asanalimvetse. Koma m'chaka cha 2023 ine mwini ndinaswa lamulo lomwelo, ndipo amene ndinamlakwira ndiye mwana wanga wachisamba. Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali, tsono ndaona kuti nkwabwino ndiifotokoze, kapena makolo anzanga ndi achinyamata angatolepo kanthu.

Mwanayo ndi makaniko, ndipo amagwira ntchito m'galaja ina ku Johannesburg. Chipitire kumeneko sanatiiwale, ndipo tinapangana kuti fizi ya mlongo wake wa ku sekondale ikhale udindo wake. Koma sukulu zitatsegulira mu Sepitembala chaka chimenecho, ndalama sizinaoneke, kotero kuti ndinachita kukongola kwa mphunzitsi mnzanga. Pasanapite masiku, mbale wina wa komweko anatitumizira chithunzi pa foni. M'chithunzimo mwana wanga anaima monyadira pambali pa galimoto yakale yopanda mipando yakumbuyo, ndipo mbaleyo anaonjeza kuti malipiro a mnyamatayo akuthera pa galimotoyo. Ndinapsa mtima, ndi kumlembera mau ochepa koma olasa: "Wasankha chitsulo, wataya mlongo wako." Miyezi iwiri inatha osayankha.

Ine amene ndimaitanidwa kukayanjanitsa mabanja a ena ndinasowa poyambira pa banja langa. Amayi ake ndiwo anandidzutsa. Anati, "Bambo, mlandu sagamula ndi chithunzi. Pitani mukaone ndi maso." Chotero pa tchuthi cha Disembala ndinakwera basi yodzera ku Dedza, Tete, Harare ndi Beitbridge, ndipo ndinafika miyendo itatupa.

Anandilandira mwaulemu, koma maso ake anali pansi. M'mawa mwake ananditengera kuseri kwa galaja nachotsa lona. Inali Nissan 200SX ya 1992, ya zitseko ziwiri, yamfupi ngati kamba. M'kati munalibe kapeti kapena wailesi, koma mipando iwiri yokumbika ngati mtondo ndi mapaipi achitsulo opingasa uku ndi uku. Ndinafunsa kuti, "Kodi anakubera ndani zam'katimu?" Anamwetulira pang'ono nati, "Ndinachotsa ndekha, Bambo. Khalani pansi ndikufotokozereni." Ndinakhala pa tayala, mphunzitsi nkusanduka mwana wa sukulu.

Masewerawo amawatcha drifting. Tonse amene tinakwerapo matola nyengo ya dzinja tikudziwa m'mene galimoto imachitira pa matope: kumbuyo kumaterereka kunka m'mbali, ndipo dalaivala wodziwa amapotozera chiwongolero komwe kumbuyoko kukupita kufikira galimoto itawongoka. Chimene ife timachiopa pa matope, anyamatawa amachichita dala pa phula. Pofika pokhota amatereretsa matayala akumbuyo, nayendetsa galimoto chammbali ngati nkhanu kufikira kona itatha, osatembenuzika ndiponso osatuluka m'njira.

Chiyambi chake ndi ku Japan. Kunali katswiri wina, Kunimitsu Takahashi, amene mu 1961 anakhala Mjapani woyamba kupambana mpikisano wa dziko lonse wa Grand Prix pa njinga yamoto. Atavulala kwambiri mu 1962 pa chisumbu cha Isle of Man, anadzasamukira ku mipikisano ya magalimoto, kumene anatchuka ndi kulowa m'makona motereretsa. Mnyamata wina wa ku Nagano, Keiichi Tsuchiya, wobadwa mu 1956, anatengera luso limeneli nkumakaliyesa usiku m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Mu 1987 kunatuluka kanema wotchedwa Pluspy woonetsa iye akuchita zimenezi ndi Toyota AE86, Corolla yaing'ono ya injini ya malita 1.6 imene inapangidwa kuyambira 1983 mpaka 1987. Kanemayo anakopa achinyamata ochuluka, koma anachititsanso kuti Tsuchiya alandidwe kwa kanthawi chiphaso chake cha mipikisano, popeza zimenezo anazichitira pa msewu wa anthu onse. Pofika 2001 masewerawa anali ndi mpikisano wake wolongosoka, D1 Grand Prix, wochitikira m'mabwalo otchingidwa monga la Ebisu ku Fukushima. Kumeneko sapambana wofika msanga, koma oweruza amayang'ana njira imene galimoto yadzera, kukula kwa kupendeka kwake, liwiro, ndi ukhondo wa kayendetsedwe.

Ndinafunsa chifukwa chake amakakamira magalimoto okalamba. Anati chinsinsi chiri pa matayala amene injini imazunguza. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a masiku ano amakokedwa ndi matayala akutsogolo, pamene masewerawa amafuna galimoto yokankhidwa ndi akumbuyo, yopepuka, ya giya wapamanja. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 makampani a ku Japan anapanga otere ambiri: Toyota AE86 ija, Mazda RX-7, ndi banja la Nissan Silvia, m'mene muli yakeyo, ya mtundu wa S13 umene unayamba mu 1988. Kale anali otsika mtengo, ndiye anyamata ankawagula opanda mantha owaphwanya. Koma Nissan inaleka kupanga Silvia mu 2002, ndipo pamene otsalawo akuphwanyikaphwanyika, mtengo wake ukukwera. Iye yake anaipeza itafa injini, itakhala zaka pansi pa mtengo.

Pamenepo anandiyendetsa mozungulira galimotoyo monga ndimayendetsera alendo m'munda wa sukulu. Mipando ndi makapeti anachotsa kuti ipepuke. Mapaipi aja ndi khola loteteza dalaivala galimoto ikagubuduzika, ndipo mpando wokumbika ndi malamba a m'mapewa amamgwira kuti asamakankhidwire ku chitseko. Mashoko ndi masipuling'i anaika olimba ndi afupi kuti galimoto isamayendeyende ngati bwato. Zitsulo za chiwongolero anazisintha kuti matayala akutsogolo azipotoka kwambiri koposa m'mene anawapangira ku fakitale, pakuti ndiwo amagwira galimoto ikapendeka. Pambali pa giya panali chitsulo chachitali, handibuleki ya mafuta, yomanga matayala akumbuyo kamphindi kuti kuterereka kuyambe. Anaikanso kilatchi yolimba ndi rediyeta yaikulu, chifukwa galimoto yoyenda chammbali silandira mphepo yokwanira kumaso pamene injini ikulira mokweza, ndiye imatentha msanga.

Chotsiriza chinali difu, ndipo apa uphunzitsi wanga unandithandiza. Ndikamaguba ndi ana mumzere wopingasa nkuwauza kuti akhote, mwana wa kunja amathamanga pamene wa m'kati amangoponda pamodzimodzi. Matayala akumbuyo nawonso pokhota: la kunja liri ndi ulendo wautali koposa la m'kati, ndipo ntchito ya difu ndiyo kulola lirilonse kuzungulira pa liwiro lake. Koma pa masewerawa difu yotere imataya mphamvu ku tayala limodzi lopepukidwa. Amene ali ndi ndalama amagula difu yapadera imene imamanga matayala onse awiri pofunika nkuwamasula posafunika. Amene alibe amangowotcherera magiya a m'kati kuti matayala awiriwo azizungulira pamodzi nthawi zonse. Mwana wanga anawotcherera.

Loweruka tinapita ku bwalo la mipikisano kunja kwa mzinda. Kunali akuluakulu oyendera galimoto iriyonse isanalowe, kunali zozimira moto ndi ambulansi, ndipo oonerera tinaima kuseri kwa khoma. Mwana wanga anavala chisoti cholimba nalowa. Kunena zoona, ndinatseka maso pa kona yoyamba. Pa yachiwiri ndinatsegula, ndipo ndinaona galimoto ikuyenda chammbali, utsi woyera uli tolotolo kumbuyo, matayala akutsogolo ataloza kwina, koma yonse ikutsata mzere wake bwinobwino monga cholembera cha mwana wodziwa kulemba. Mtima wanga unagunda ndi mantha, komanso, ndisabise, ndi kunyadira. Pomafika madzulo matayala akumbuyo anayi anali ataperepeseka mpaka mawaya. Ndinawerengera mtengo wake mumtima, ndipo kunyada kuja kunachepako.

Pobwerera tinakwera galimoto yomweyo pa msewu wa anthu onse. Pamene tinakhota pang'onopang'ono kulowa pomwetsera mafuta, matayala akumbuyo analira kwi! kwi! ndipo galimoto inanjanja. Ndinakumbukira ana anga a pamzere. Ndinati, "Mwana wanga, ngati wa m'kati ndi wa kunja wawamanga mwendo umodzi, ndiye kuti pa kona iriyonse wina ayenera kukwekwereka. Nanga kukagwa mvula?" Sanayankhe. Titafika ku galaja analowa m'kati natuluka ndi limu yachitsulo yopindika mbali imodzi, naiika pa mapazi anga.

Anati, "Bambo, ndalama za fizi sizinapite ku zitsulo zimene ndakuonetsanizi iai. Zinapita apa." M'mawa wina mu Ogasiti, akupita ku ntchito, anafika pa mphambano yozungulira napeza palibe magalimoto. Mtima unamnyenga kuti ayese kamodzi kokha. Anaponda mafuta, kumbuyo kunachoka, koma pamsewupo panali mchenga umene sanauone. Galimoto inamenya m'mphepete mwa msewu, nikagwetsa tebulo la mayi wina wogulitsa zipatso, nikatsamira galimoto ya munthu imene inaima pafupi. Mayiyo anali atangosuntha kukatenga katoni, mwana ali kumbuyo. Pakanapanda katoniyo, bwenzi tikunena zina. Malipiro a miyezi iwiri anathera kulipira mayiyo ndi mwini galimoto ija. Anati, "Uthenga wanu utafika ndinasowa choyankha. Munandinena cholakwa chimene sindinachite, koma chimene ndinachita chinali choposa."

Tinakhala chete nthawi yaitali. Ndinaona kuti tonse awiri tinali ndi ngongole. Ine ndinamweruza kuti ndi wosakaza ndi wotaya abale, chonsecho anali mmisiri wosamala amene anadzutsa injini yakufa ndi manja ake, ndipo mwini galaja anandiuza yekha kuti makasitomala ofuna kukonzetsa mashoko ndi chiwongolero amafunsa iyeyo. Mau anga olasa aja sanamkonze, anangomtsekera pakamwa miyezi iwiri pamene anafunika munthu womuululira. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya. Ndinampepesa, chinthu chimene bambo wanga sanachitepo kwa ine. Koma iyenso analakwa, ndipo sindinamchepetsere. Galimoto imene yasinthidwa kuti iziterereka yaleka kukhala galimoto ya pamsewu, monga mpeni wosongoledwa kuti ukhale mkondo sukhalanso wa kukhitchini. Pa bwalo paja pali khoma, oyendera ndi ambulansi, ndipo aliyense wolowamo wavomera yekha. Mayi wa zipatso uja sanavomere kanthu.

Tinapangana zinthu zitatu. Galimotoyo isapondenso msewu wa anthu, izipita ku bwalo itanyamulidwa pa ngolo yokokedwa. Fizi ya mlongo wake izituluka tsiku la malipiro, tayala lisanagulidwe ndi limodzi lomwe. Ndipo pakagwa vuto azinena msanga, ine ndizifunsa ndisanakalipe. Sindinamuuze kuti aigulitse. Amayi ake mpaka lero sakondwa nazo, ndipo ine sindinganene kuti mantha anandithera. Koma fizi sinachedwenso, ndipo ngongole ya mphunzitsi mnzanga anaibweza yekha.

Achinyamata, ndikudziwa kuti makanema a masewerawa muli nawo m'mafoni, ndipo ena munaonera Tokyo Drift ya 2006. Dziwani kuti zimene mumaonazo zimachitika pa malo otsekedwa, ndi magalimoto okonzedwera ntchitoyo, ndi anthu amene anatha matayala osawerengeka pophunzira. Magalimoto a ku Japan amene adzaza misewu yathu, monga Vitz, Passo ndi Sienta, ambiri ndi okokedwa ndi matayala akutsogolo, ndipo anapangidwira kunyamula banja. Kukoka handibuleki pa msewu wa fumbi pamene pakudutsa ana a sukulu ndi a kabaza si luso, nkuseweretsa moyo wa eni ake. Ngati mumakonda injini, ikondeni ndi sipanala m'manja, pakuti makaniko wabwino sagona ndi njala.

Ndipo inu makolo anzanga, ana athu akukonda zinthu zimene ife sitinazilotepo. Zina nzachabe, zina nzoopsa, zina ziri ndi luso lenileni m'kati mwake, ndipo kawirikawiri zonse zitatu zimakhala m'chinthu chimodzi. Sitingazilekanitse tiri patali. Ine ndinayamba kumveka kwa mwana wanga pokhapokha nditakhala pa tayala paja ndi kumvetsera.

Limu yopindika ija ndinaipempha. Anyamata a basi anadandaula kulemera kwake, koma ndinafika nayo. Belu la pasukulu pathu linali litang'ambika, tsono tinaipachika pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Mwana wa Sitandade 8 amaiomba ndi chitsulo m'mawa uliwonse, ndipo imamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ana sadziwa kumene inachokera. Ine ndikaimva ndimakumbukira mayi wa zipatso amene sindinamuonepo, ndi mwana wake kumbuyo, kenaka ndimatenga choko ndi kulowa m'kalasi.