Mabwinja a mu Mchenga: Ulendo wa ku Kolmanskop

Anthu akasamuka pamudzi, bwinja silichedwa kusanduka thengo. Mvula ikangogwa zaka ziwiri, maungu ndi bonongwe zimamera pamene panali khola, chiswe n'kumaliza nsichi zonse. Koma kummwera cha kumadzulo kwa dziko la Namibia kuli mabwinja a mtundu wina. Kumeneko mvula sifika ngakhale mamilimita 20 pachaka, motero nyumba zimene eni ake anazisiya mu 1956 zidakali chiimire. Chimene chikuzidya pang'onopang'ono ndi mphepo ndi mchenga.

Woyenda ulendowu amanyamukira ku Keetmanshoop n'kulunjika kumadzulo pa msewu wa B4, mtunda wa makilomita opitirira 300 kukafika kudoko la Lüderitz. Poyamba amaona mafamu a nkhosa ndi mbuzi otalikirana kwambiri, kenaka mipanda ya waya imatha, mitengo nayo n'kutha. Pa katawuni ka Aus pali bwinja loyamba. Mu 1915, asilikali a ku South Africa atagonjetsa Ajeremani, anatsekera pamalopa akaidi a nkhondo oposa 1,500. Akaidiwo atatopa ndi kuzizira kwa m'matenti anaumba zidina n'kudzimangira tinyumba. Msasawo unatsekedwa mu 1919, ndipo lero pangotsala timakoma tofika m'chiuno. Cha kutsogolo, pa Garub, mahatchi opanda mwini amabwera kudzamwa pa chitsime chokhacho cha m'deralo.

M'mbali mwa msewu mukuyenda njanji, ndipo mbiri yake ndi ya misozi. Inamangidwa mu 1905 ndi 1906, ndipo ambiri mwa oimanga anali akaidi achiherero ndi achinama ochokera ku msasa wa Shark Island ku Lüderitz, amene ankagwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga mpaka ambiri kufera pomwepo. Pa njanji yomweyi, mu April 1908, munthu wina wakuda dzina lake Zacharias Lewala, amene ntchito yake inali yochotsa mchenga pa njanji ndi fosholo, anatola kamwala konyezimira. Popeza anali atagwirapo ntchito ku Kimberley, anakakayikira, ndipo anakapereka kwa kapitawo wake August Stauch. Kanali dayamondi. Stauch analemera, koma Lewala sanagawane nawo chumacho. Pofika September chaka chomwecho boma la Germany linali litaletsa anthu wamba kulowa m'dera lonselo, n'kulitcha Sperrgebiet, kutanthauza malo oletsedwa.

Kolmanskop ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Lüderitz. Amati dzinali linachokera kwa Johnny Coleman, woyendetsa ngolo amene anathawa ngolo yake pa kaphiri kameneka chimphepo cha mchenga chitamupanikiza. Pamalo pamene ng'ombe zinalephera kudutsa, ndalama zinamanga tawuni m'zaka zochepa chabe. Panali nyumba yopangira magetsi, holo ya zisudzo ndi magule, butchala, bekale, chipatala chachikulu, ndi fakitale ya madzi oundana amene ankagawidwa khomo ndi khomo m'mawa uliwonse. Kasitima kakang'ono kankazungulira tawuniyi kunyamula katundu ndi amayi opita kusitolo. Madzi akumwa, m'zaka zoyambirira, ankabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Cape Town. Mu 1912 migodi ya m'derali inatulutsa dayamondi wa makarati pafupifupi 1 miliyoni, woposa gawo limodzi mwa magawo khumi a dayamondi yense wa padziko lapansi chaka chimenecho.

Panalinso sukulu. Pa mzere wa nyumba zikuluzikulu zoyang'ana kuchigwa, pamodzi ndi nyumba ya mkulu wa mgodi, ya wowerengera ndalama ndi ya katswiri wa zomangamanga, pali nyumba ya mphunzitsi. Aliyense amene anaonapo mphunzitsi wa kumudzi akugona m'kanyumba kodontha angaime kaye apa, chifukwa eni mgodiwa, pa zolakwa zawo zonse, ankadziwa kuti banja silikhazikika kumene kulibe sukulu, ndipo sukulu siikhazikika kumene mphunzitsi alibe pogona pabwino. Lero mchenga walowera pa mawindo a nyumbayo n'kudzaza zipinda, kwina mpaka pafupi ndi pamwamba pa chitseko, moti mlendo amalowa chokwawa. Makoma a nyumba za pamzerewu akadali ndi utoto wake wobiriwira, wachikasu ndi wamtambo, ndipo zitseko zina zinagwidwa ndi mchenga zili chitsegukire.

Komabe ziwerengero za tawuniyi zimaulula kuti sukuluyo inali ya yani. Cha m'ma 1920 kunkakhala azungu akuluakulu pafupifupi 300 ndi ana awo pafupifupi 40. Kunalinso antchito achiovambo pafupifupi 800. Amenewa ankabwera pa kontilakiti kuchokera kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, mtunda woposa makilomita 1,000, ndipo sankaloledwa kubwera ndi akazi kapena ana. Ankagona m'nyumba zazitali za chigulu kutali ndi mzere wa mabwana. Ndiye kuti anthu amene ankakwawa mu mchenga tsiku lonse kusefa miyala analibe mwana ndi mmodzi yemwe m'kalasi imene thukuta lawo linamanga. Ana awo anatsala kumudzi akuweta ng'ombe, ndipo amene anaphunzira kuwerenga anaphunzirira m'masukulu a mishoni, makamaka a amishonale a ku Finland amene anafika kumeneko mu 1870. Minda inatsala m'manja mwa amayi. Ngakhale makina a X-ray a m'chipatala, amene amatchuka kuti anali oyamba kuchigawo chino cha dziko lapansi, sankangounikira odwala okha. Ankaunikiranso antchito amene ankawaganizira kuti ameza dayamondi.

Kutha kwa tawuniyi sikunadze ndi nkhondo kapena mliri. Dayamondi wa pamwamba pa mchenga anayamba kuchepa nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndipo mu 1920 migodi inalowa m'manja mwa kampani imodzi ya Consolidated Diamond Mines imene Ernest Oppenheimer anakhazikitsa. Mu 1928 kunapezeka miyala ikuluikulu kummwera, pafupi ndi pamene mtsinje wa Orange umathira m'nyanja. Mabanja anayamba kusamuka limodzilimodzi. Mu 1943 likulu la kampani linapita ku Oranjemund, ndipo mu 1956 otsala omaliza anachoka. Panalibe munda, dimba, msipu kapena chitsime choti n'kugwira munthu mwendo. Chilichonse chodyedwa ndi chomwedwa pamalopa chinkachita kugulidwa ndi ndalama za mwala umodzi womwewo.

Cha kummwera, mkati mwa dera loletsedwa lija, limene tsopano ndi malo otetezedwa a Tsau ǁKhaeb, kuli mabwinja ena awiri ofikika ndi chilolezo komanso wotsogolera alendo. Ku Pomona kuli chigwa cha Idatal, chimene Stauch anachitcha dzina la mkazi wake Ida, kumene amati anthu ankatola dayamondi ndi manja usiku mwezi ukuwala. Ku Elizabeth Bay, m'mphepete mwa nyanja, mphepo ya mchere inadya njerwa n'kusiya simenti yokha ya m'mizere, moti makoma amaoneka ngati zisa za njuchi. Kumeneko mlendo amaonanso bwino mmene antchito ankagonera: timalo ta simenti tondondozana, kalikonse kongokwana munthu mmodzi atagona chowongoka.

Ku Kolmanskop kokha ndiko kumafikika mosavuta. Mu 1980 kampani ya mgodi inayamba kukonza nyumba zingapo, ndipo holo ija tsopano imasunga zithunzi ndi zipangizo zakale. Alendo amalipira pachipata n'kuyendera malowa m'mawa, chifukwa dzuwa likapendeka mphepo ya kummwera imakula kwambiri. Ikayamba, mchenga umawoloka msewu wa B4 ngati utsi, mapazi a alendo a tsikulo amafufutika m'zipinda za mphunzitsi, ndipo pa msewu ndi pa njanji pamafunikabe anthu ndi makina ochotsa mchenga, ntchito yomwe ija Lewala ankagwira ndi fosholo mu 1908.