Nsambo za ku Alrode

Ku Alrode, dera la mafakitale la mu Alberton kum'mwera kwa Johannesburg, kuli fakitale ina yosula mawaya momwe mumagwira ntchito bambo wina wa ku Dedza. Iye ndi mmisiri wa zamagetsi ndipo wakhala pamalopo zaka pafupifupi 30. Anyamata ogwira naye ntchito amamudziwa ndi chizolowezi chimodzi: makina akaima, amakodola waya ndi chala n'kutchera khutu. Waya wokungika amalira mokweza, wokhwefuka amalira motsika. Luso limeneli adalitengera kwa agogo ake amene ankaimba kaligo, chida cha nsambo imodzi chimene chimatulutsa mawu osiyanasiyana malinga ndi pomwe chala chagwira.

Mkuluyu adalowa koleji ya Chancellor ku Zomba mu 1983 kukaphunzira fizikisi. Kumeneko adamva koyamba kuti zonse zochitika m'chilengedwe zimayendetsedwa ndi mphamvu zinayi zokha: yokokera zinthu pansi, ya magetsi ndi maginito, ina yolimba yomanga phata la atomu, ndi ina yofooka yochititsa kuti maatomu ena aziphwasuka okha. Adamvanso kuti kale chiwerengerocho chidali chokulirapo. Magetsi ndi maginito zinkayesedwa zinthu ziwiri kufikira pomwe James Clerk Maxwell adaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti ndi mphamvu imodzi, ndipo kuti kuwala ndi mafunde a mphamvu yomweyo. Patadutsa zaka 100, Sheldon Glashow, Steven Weinberg ndi Abdus Salam adalumikiza mphamvuyi ndi yofooka ija, nalandira mphoto ya Nobel mu 1979. Tinthu totchedwa W ndi Z, timene masamu awo adalosera, tidapezeka ku CERN pafupi ndi Geneva chaka chomwecho chimene iye adafika ku Zomba. Kwa mnyamata wa zaka 20, zimenezi zidali ngati lonjezo lakuti tsiku lina mphamvu zonse zinayi zidzapezeka kuti ndi za mimba imodzi.

Sukuluyo sadaimalize. Bambo ake adamwalira iye ali chaka chachiwiri, ndipo pakhomo padali azing'ono asanu. Adayamba ntchito yokonza mamota ku Blantyre, kenaka mu 1995 adatsata njira ya makolo yopita ku Joni. Komabe funso la mphamvu zinayi lija silidamuchoke. Ntchito yake yomwe inkamukumbutsa tsiku ndi tsiku. Kamaginito kochepa kamanyamula msomali pamene dziko lonse lapansi likuukokera pansi. N'chifukwa chiyani mphamvu yokoka ili yofooka chotero? Nanga bwanji masamu a Albert Einstein a 1915, ofotokoza bwino kayendedwe ka nyenyezi, amasokonekera akawaphatikiza ndi masamu a tinthu ting'onoting'ono?

Yankho limene lidamukopa adalipeza m'buku lakale la Brian Greene, The Elegant Universe, la mu 1999, lomwe adagula kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu. Ndi chiphunzitso chimene akatswiri amachitcha string theory, iye amati cha tinsambo. Chimanena kuti elekitironi ndi tinthu tina tonse ndi tinsambo tonjenjemera, tating'ono kwambiri moti mita imodzi iyenera kugawidwa ka 1 wotsatidwa ndi maziro pafupifupi 35 kuti tifike pa msinkhu wake. Kanjenjemeredwe kena kamapereka elekitironi, kena kamapereka kuwala, monga kaligo amasinthira mawu pa nsambo yomweyo. Ganizoli lidaphuka kuchokera ku masamu a Gabriele Veneziano a 1968. Mu 1974 Joël Scherk ndi John Schwarz adaona kuti kanjenjemeredwe kamodzi kali ndi makhalidwe a chonyamula mphamvu yokoka, kutanthauza kuti mphamvu yovuta ija imatulukamo yokha popanda woilowetsamo. Mu 1984 Michael Green ndi Schwarz adaonetsa kuti zolakwika zina za masamu, zomwe ambiri ankaopa, zimafafanizana. Mu 1995 Edward Witten adapereka mfundo zakuti mitundu isanu ya chiphunzitsochi ndi nkhope za chinthu chimodzi.

Pali mtengo wake. Masamuwo amafuna kuti chilengedwe chikhale ndi mbali 10, pamene ife timadziwa zinayi: m'litali, m'lifupi, m'mwamba ndi nthawi. Zisanu ndi imodzi zotsalazo akuti n'zokulungika mopitirira muyeso. Apa mkuluyu sadavutike kumvetsa, pakuti waya ukamuona patali ndi mzere chabe, koma nyerere yoyenda pa iye imatha kumuzungulira. Masamuwo amafunanso supersymmetry, ganizo limene Julius Wess ndi Bruno Zumino adalikhazika bwino mu 1974. Tinthu ta m'chilengedwe tili m'magulu awiri: tomangira zinthu, monga elekitironi, ndi tonyamula mphamvu, monga kuwala. Supersymmetry imati kalikonse ka gulu limodzi kali ndi mnzake m'gulu linalo, wolemera kwambiri kotero kuti sadaonekebe. Anzakewo atakhalapo pa kulemera koyenera, angafotokoze chifukwa chimene kanthu ka Higgs kalili kopepuka, ndiponso angachititse kuti kukula kwa mphamvu zitatu kukumane pamalo amodzi pa kutentha koopsa ngati kwa pachiyambi cha chilengedwe.

Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi anthu obwera zidabuka ku Alexandra n'kufalikira ku East Rand, ndipo m'dziko lonse anthu 62 adaphedwa. Mkuluyu adatumiza mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 8 kwa anzawo a kutchalitchi, iye nagona masiku angapo pa makatoni m'chipinda cha zipangizo ku fakitale. Tulo tidasowa, choncho ankawerenga buku lija ndi tochi. Bukulo silidachotse mantha. Lidangomupatsa chinthu choti aziyembekezera, chifukwa pa 10 Seputembala chaka chomwecho makina aakulu a ku CERN, Large Hadron Collider, a m'ngalande yozungulira makilomita 27, adayatsidwa, ndipo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti anzake a tinthu aja atulukira msanga. Patangopita masiku 9 makinawo adaonongeka chifukwa cha polumikizira magetsi pamodzi pomwe sipadagwire bwino pakati pa maginito awiri. Mkuluyu adaseka mpaka misozi, pakuti vuto limeneli ndi lomwe amakonza sabata iliyonse.

Makinawo adayambanso mu Novembala 2009. Pa 4 Julayi 2012 kudalengezedwa kuti kanthu ka Higgs kapezeka, ndipo pakati pa ofufuzawo padali a ku South Africa. Mphamvu ya makina idakwezedwa mu 2015 ndiponso mu 2022. Koma mnzake wa kanthu kalikonse sadapezeke ndi mmodzi yemwe. Izi sizikugwetsa chiphunzitso cha tinsambo, chifukwa icho sichitchula kulemera kwenikweni kwa anzakewo; angathe kukhala patali pomwe makina athu safika. Koma kumeneku ndiye kufooka kwake. Lee Smolin ndi Peter Woit adalemba mabuku mu 2006 odandaula kuti ganizo lothawa mayeso nthawi zonse limavuta kulitcha sayansi. Mkuluyu adakumbukira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, ndipo bukulo adaliika pansi pa sutikesi.

Nkhaniyi ikadathera pomwepo mwana uja akadapanda kukula. Iye adalitulutsa bukulo ali ku sekondale, kenaka adalowa yunivesite ya Witwatersrand, komwe kuli akatswiri a chiphunzitsochi, naphunzira fizikisi mpaka digiri yachiwiri. Lamulungu lina adabwera kunyumba ku Thokoza ndi makalata awiri. Ina idali ya ntchito yosanthula manambala kubanki, ya malipiro oposa a bambo ake. Inayo idali yomulola kuyamba digiri ya udokotala pa za tinsambo, ndi thandizo lochepa lokwanira lendi ndi chakudya basi. Kumudzi ku Dedza kudali nyumba ya njerwa yomwe idaima pa mawindo, ndipo aliyense ankadziwa, ngakhale osanena, kuti malata ake adzachokera ku malipiro a mwanayo.

"Ababa, mundiuze inuyo," adatero mwanayo.

"Iwe mwana wanga, zinthu zimenezi ndazidikira zaka 40 ndipo sizidaoneke. Ukufuna udikire zako 40?"

"Mwina sizidzaoneka ine ndili moyo, ababa. Sindingakunamizeni."

Kenaka adawafotokozera modekha. Mu 1996 Andrew Strominger ndi Cumrun Vafa adagwiritsa ntchito chiphunzitsochi kuwerenga za m'kati mwa mtundu wina wa black hole, ndipo yankho lidafanana ndi lomwe Jacob Bekenstein ndi Stephen Hawking adapeza m'zaka za m'ma 1970 podzera njira ina. Mu 1997 Juan Maldacena adaonetsa kuti funso lovuta la mphamvu yokoka lingasandulike funso la tinthu topanda mphamvu yokoka, ndipo njirayi ikugwiritsidwa ntchito pofufuza zinthu zina zomwe zimayesedwadi. Umenewu si umboni wakuti chilengedwe ndi tinsambo, iye adavomereza, koma ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndiyo amafuna kuigwira.

Mkuluyu sadayankhe usiku umenewo. Adaganiza za azing'ono ake asanu amene adaphunzira ndi ndalama za mamota a ku Blantyre, ndipo sadanong'oneze bondo. Koma adazindikiranso kuti mu 1985 padalibe womufunsa chomwe iye amafuna, pamene mwana wake adali ndi bambo woti n'kufunsa. Mawondo ake ayamba kuwawa, zaka zopuma ntchito zayandikira, ndipo mvula ya ku Dedza sichitira chifundo khoma lopanda denga.

Lolemba m'mawa, asadavale ovolosi, adaimbira foni mmisiri wa nyumba kumudzi. Adamuuza kuti agule pepala lakuda la pulasitiki, afunditse pamwamba pa zipupa ndi kutsindira ndi miyala mvula isadayambe, pakuti malata achedwerapo zaka zitatu kapena zinayi. Atatero adalembera mwana wake uthenga wakuti akasaine kalata yachiwiri ija, ndipo adalowa m'fakitale kukaona mota ya makina achitatu yomwe inkatentha kuyambira Lachisanu.