Masiku anayi ku Insaca foni ili chete

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024 ndidaitanidwa kukacheza ndi abale athu a ku Insaca m'dziko la Mozambique. Ndifuna ndikufotokozereni za ulendowo, popeza kumeneko Ambuye adandionetsa nthenda imene ndidali nayo osadziwa.

Insaca ndi likulu la boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Pochokera ku Liwonde tidalowera ku Nayuchi m'boma la Machinga, kumene njanji yopita ku doko la Nacala, imene idatsegulidwa mu 1970, imadutsa malire. Tsidya linalo malowo amatchedwa Entre Lagos, ndiko kunena kuti pakati pa nyanja, chifukwa Chiuta ali kumpoto ndipo Chilwa ali kumwera. Tikudikira kuti atidindire ziphaso, idadutsa sitima ya malasha ochokera ku Moatize, yaitali mwakuti ndidatopa kuwerenga mabogi ake. Ndidaijambula msanga ndi kutumiza chithunzicho ku gulu la WhatsApp la mpingo wathu. Uthenga umenewo ndiwo udali womaliza. Titayenda pang'ono pa njinga zamoto kulowera kumwera, netiweki ya kwathu idatha.

Musaganize kuti ku Insaca kulibe mafoni. Pamsika achinyamata amakhala ataweramira mafoni awo monga achitira a ku Zomba, ndipo amalonda amatumizirana ndalama pafoni. Ndi tauni imene ikukula, moti mu Okutobala 2023 anthu ake adasankha kwa nthawi yoyamba atsogoleri a khonsolo yawo. Foni imene idakhala chete idali yanga ndekha. Ndikadatha kugula khadi ya komweko, koma tidafika dzuwa litalowa, ndipo mkulu wa mpingo amene adandilandira adati, "Abusa, musavutike. Amayi kunyumba ali nayo nambala yanga. Kukagwa zadzidzidzi atiuza." Ndidavomera pakamwa, koma mumtima ndidadandaula.

Tsiku loyamba lidandichititsa manyazi. Dzanja linkangopita lokha m'thumba. Tikudya mpunga ndi matemba, ndidamva ngati foni yanjenjemera, chonsecho ndidali nditaizimitsa. Usiku nditagona pamphasa ndidasowa chochita ndi maso anga. Ndidazindikira kuti padapita zaka ndisanagone osayamba ndaona mauthenga, ndiponso kuti m'mawa uliwonse ndinkatsegula foni ndisanatsegule Baibulo. Ine amene ndimalalikira za kudziletsa ndidali ngati mwana amene amulanda chimanga chootcha.

Tsiku lachitatu mkulu wa mpingo uja adanditengera kumudzi wina kufupi ndi madambo a Chilwa kukaona agogo ena odwala. Iwo adandilola kufotokoza nkhani yawo, malinga ndisatchule dzina. Tidawapeza atakhala pakhonde atatsamira chipupa. Tidapatsana moni m'Chinyanja, ndidawerenga Mawu, tidapemphera. Kwathu zikatere ndimayang'ana pafoni, ndipo sindilephera kupezapo chifukwa chotsanzikira. Tsiku limenelo ndidalibe poyang'ana, ndipo mkulu wa mpingo sadaonetse changu chilichonse. Choncho tidangokhala. Mpongozi wawo adabweretsa thobwa. Nkhuku zidadutsa pabwalo. Mthunzi wa mtengo wa mango udasuntha kuchoka pamphasa mpaka pankhokwe.

Patapita pafupifupi maola awiri, agogowo adati, "Abusa, inu mwachokera ku Malawi. Ineyo ndidakhalako kumeneko nthawi ya nkhondo." Ambiri a inu mukukumbukira kuti nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, idathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko la Malawi. Agogowa adali mmodzi wa iwo. Usiku umene adathawa, mng'ono wawo adali kudwala ndipo sakadatha kuyenda. Iwo adanyamula ana, nauza mng'ono wawoyo kuti abwera kudzamutenga m'mawa. M'mawa mwake njira idali itatsekeka. Atabwerera nkhondo itatha, sadapeze munthu kapena manda. "Kuyambira pamenepo," adatero, "sindidayandikirepo gome la Mgonero. Munthu wonama kwa mbale wake angadye bwanji pamenepo?"

Zaka zoposa makumi atatu adasenza katundu ameneyu okha. Mkulu wa mpingo, amene adawadziwa nthawi yaitali, adali kumva koyamba. Tidakamba nawo mpaka madzulo za Petro, amene adalonjeza kuti sadzasiya Ambuye wake koma adamukana usiku womwewo, ndi m'mene Yesu atauka adamufunafuna ndi kumubweza pantchito, monga tiwerenga pa Yohane 21. Sindinganene kuti bala lawo lidapola tsiku limenelo. Koma potsanzikana adandigwira dzanja nati, "Mukadzabweranso, mudzandipeza kutchalitchi."

Pobwerera ndidayenda mwakachetechete, chifukwa funso limodzi linkandibaya. Foni yanga ikadakhala ikugwira, kodi ndikadakhala pakhondepo mphindi zingati? Ndikudziwa yankho lake: khumi ndi zisanu. Ndikadapemphera, nkuwadalitsa, nkunyamuka, ndipo ndikadalemba m'buku langa kuti odwala ndawayendera. Ndidakumbukira nkhope za akhristu a mpingo wanga amene ndidawachezera m'chipatala diso limodzi lili pafoni. Ndani adziwa zimene adafuna kunena, nazimeza poona kuti abusa ali pachangu? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtima wa munthu wovulala ulinso chimodzimodzi: sutuluka m'chigoba pamene pali phokoso.

Foni payokha si tchimo. Imatithandiza kutumiza ndalama kwa makolo kumudzi, kuitana thandizo usiku, ndi kumva machenjezo a nyengo, monga pamene namondwe wa Freddy adasakaza mbali zonse ziwiri za malire mu Malichi 2023. Vuto lake ndi lakuti imatizoloweza kulandira kanthu kakang'ono kokoma mphindi iliyonse: uthenga, chithunzi, kanema woseketsa, chala chotiyamikira. Amene amapanga masamba amenewa amapeza ndalama malinga ndi nthawi imene maso athu akhala pamenepo, choncho adawakonza kuti asakhale ndi mathero. Tikazolowera zimenezi, chilichonse chofuna kudikira chimayamba kutitopetsa: pemphero, ulaliki, nkhani ya nkhalamba, funso la mwana. Pa Genesis 25 tiwerenga za Esau, amene adagulitsa ukulu wake chifukwa cha mbale ya mphodza. Njala yake idali yeniyeni, koma ikadatha ndi kudikira pang'ono. Ife tigulitsa madzulo a banja ndi nthawi ya mapemphero pamtengo wochepa kuposa mphodza.

Anthu a m'mbali mwa Chilwa amadziwa kudikira. Nyanjayi ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero mvula ikavuta imaphwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope. Asodzi adandiuza kuti zikatero mabwato amagona pamtunda, nsomba zotsala zimabisala m'madambo ndi m'mitsinje, ndipo madzi akabwerera matemba, makumba ndi milamba zimayambanso kuswana pang'onopang'ono. Palibe amene angafulumize zimenezi. Mlimi wa mpunga nayenso amawokera mbande nadikira miyezi. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imatiuza kuti tiphunzire kuleza mtima kwa mlimi woyembekeza mvula, ndipo ku Insaca ndidaona ndi maso anga anthu amene amakhala moyo wotero.

Nditawoloka malire pa Nayuchi, foni idalira mosalekeza. Ndidakhala pansi pa mtengo ndi kuwerenga mauthenga onse. Ambiri adali zithunzi za moni wa m'mawa ndi mikangano ya mpira. Umodzi wokha ndiwo udali wofunika: mayi wina wa mumpingo adagonekedwa m'chipatala. Koma akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano adali atapita kale kukamuona ndi kupemphera naye. Ntchito ya Ambuye sidaime chifukwa foni ya mbusa idali chete. Zimenezi zidanditonthoza, komanso zidandichepetsa.

Chibwerere kumeneko ndidadziikira malamulo atatu. M'mawa sindigwira foni ndisanawerenge Mawu ndi kupemphera. Pa chakudya chamadzulo mafoni onse a m'nyumba mwathu amakhala m'dengu, kuyambira yanga. Ndikamalowa m'nyumba ya wodwala kapena ya anamfedwa ndimaizimitsa pakhomo. Nthawi zina ndimalephera, ndipo ana anga sachedwa kundikumbutsa.

Abale ndi alongo, simuyenera kupita ku Niassa kuti muyese zimenezi. Pa Marko 6 Yesu adaitanira ophunzira ake kumalo a okha kuti akapumule, chifukwa anthu adachuluka kotero kuti adasowa ndi mpata wakudya. Sabata ino sankhani madzulo amodzi, zimitsani foni, ndipo mukakhale pansi ndi munthu mmodzi: kholo lanu, mwana wanu, kapena wodwala wa m'dera lanu. Nkhani ikatha musafulumire kutsanzika. Khalani ndithu. Ndipo m'mapemphero anu kumbukirani agogo aja a kufupi ndi Chilwa, kuti Ambuye awapatse mphamvu yofika pa gome lake. Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.