Kalata Yochoka kwa Mpama: Laputopu Sagula ndi Maso Okha

Kwa Mpama,
Chiradzulu.

Mwana wanga wokondedwa,

Bambo ako akulemba kalatayi usiku, patebulo lija unkawerengerapo pokonzekera mayeso a Fomu 4, mayi ako ali kuchipinda kupinda zovala zako. Mawa mmamawa ukwera minibasi ya ku Limbe, ndipo Lamulungu likakupeza ku Zomba, pa University of Malawi. Za ulemu, za tchalitchi ndi za anyamata, azakhali ako anakuuza kale mpaka makutu kuwawa. Kwa bambo ako kwatsala nkhani imodzi yokha, ya envulopu imene mayi ako aisokerera mkati mwa chikwama chako.

Ndalama zimenezo ukudziwa kumene zachokera. Muli nandolo wa chaka chino, muli mkaka wa ng'ombe ija unkaimwetera udzu, mulinso ngongole ya ku banki mkhonde imene mayi ako azibweza mpaka tsiku logawana. Ndi za laputopu, ndipo sizidzapezekanso kachiwiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimangokwera mtengo.

Bambo ako sakunena zongomva. Atapuma pa uphunzitsi anapatula kangachepe pa ndalama zawo n'kukagula laputopu m'sitolo ina ku Limbe. Inali yatsopano, ya m'katoni, yopyapyala, yonyezimira ngati mbale ya alendo. Sanafunse za mkati. Atafika nayo kunyumba mpamene anadziwa kuti purosesa yake ndi Celeron, RAM yake ndi 4GB, ndipo mosungira zinthu muli 32GB basi, malo amene Windows yokha inali itadya kale pafupifupi onse. Akatsegula masamba atatu a intaneti, inkaima ngati bulu wokana goli. Wokonza makompyuta ataitsegula anangopukusa mutu: zonse zinali zowotchereredwa pa bolodi, panalibe chochotsa kapena chowonjezera. Ndi ija ili m'bokosi pansi pa bedi. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Iwe unakulira m'kaunjika, choncho izi uzimva msanga. Jekete yakale yosokedwa bwino imatha zaka, pomwe yatsopano yotchipa imasosoka pochapa koyamba. Malaputopu nawonso ali choncho. Pali ena amene anapangidwira ntchito za m'maofesi, monga ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell ndi EliteBook ya HP. Makampani akunja amawagwiritsa ntchito zaka zingapo n'kuwagulitsa, ndiye amafika kuno ali okalikakalika pang'ono koma mafupa ali olimba. Amatsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, ndipo batire, kiyibodi kapena chaja chake sizivuta kupeza chifukwa anapangidwa ochuluka. ThinkPad T480, ya mu 2018, ndi chitsanzo chabwino: ili ndi malo awiri oikamo RAM, komanso batire lakunja limene munthu amalichotsa ndi dzanja n'kuikapo lina. Latitude 5490 ndi EliteBook 840 G5 ndi anzake a msinkhu umodzi.

Wogulitsa akakuona, mawu oyamba adzakhala akuti iyi ndi i7, ndipo adzawatchula ngati akutchula dzina la mfumu. Usagwe nazo. Dzina lakuti i5 kapena i7 lili ngati mfunda. Msinkhu wa purosesa uli pa nambala yotsatira. Pa i5-8250U, nambala 8 ikusonyeza mbadwo wachisanu ndi chitatu, umene kampani ya Intel inatulutsa mu 2017. Pa i7-3520M, nambala 3 ikusonyeza mbadwo wachitatu, wa mu 2012. Pa ziwirizi, i5 uja ndiye mnyamata wamphamvu, i7 ndi agogo. Nkhaniyi yakula chifukwa kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 inapangidwira mapurosesa a Intel oyambira mbadwo wa 8 kupita mtsogolo. Ena amaikakamiza pa makina akale n'kumaonetsa makasitomala ngati zonse zili bwino. Iwe ukalowe pa Settings, kenako System, kenako About, ukadziwerengere wekha nambalayo.

RAM isachepere 8GB.

Pa za mosungira zinthu, adzakunyengerera ndi kukula. Adzati iyi ndi 1TB, mulowa mafilimu a chaka chonse. Funsa ngati ndi HDD kapena SSD. Mu HDD muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga, ngati galamafoni ya agogo ako. Imachedwa, ndipo laputopu ikagwa ili yoyaka, kapena ikagwedezeka kwambiri, kasinganoko kamakanda kambale, zolemba zako n'kupita. Mu SSD mulibe choyenda, choncho imayaka mofulumira ndipo mabampu a pa kabaza saiopsa. SSD ya 256GB ikukwanira maasayimenti a zaka zinayi. Ukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi n'kupita pa Performance, makinawo adzakuuza okha chimene chili mkati.

Tsopano batire, pamene bambo ako akufuna utcherepo khutu kwambiri. Anthu olemba za makompyuta ku Ulaya sadera nkhawa kwenikweni za batire chifukwa kwawo magetsi sathimathima. Kuno ukukumbuka zimene zinachitika mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira pa Shire. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makina a pa damupo asanayambenso kupukusa magetsi. Unkawerengera tochi ya pafoni nthawi imeneyo. Laputopu imene imazima akangosolola chaja ndi katundu wongolemetsa chikwama. Pali njira yoyezera imene ogulitsa ena sakonda kuti ogula aidziwe. Tsegula Command Prompt, lemba powercfg /batteryreport, ndipo makinawo adzalemba lipoti. M'lipotimo yang'ana mizere iwiri: Design Capacity, ndiwo mphamvu imene batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, ndiyo imene latsala nayo. Ngati yatsala theka, nenerera mtengo utsike kuti ukagule batire lina, apo ayi dzuka uzipita.

Usachite manyazi kukhala m'sitolomo ola lathunthu. Pogula mbuzi, bambo ako amaiyang'ana mano ndi ziboda, amaiyendetsa, mwiniwake ali pomwepo. Nawenso tsegula tsamba lopanda kanthu udine batani lililonse la pa kiyibodi, kuyambira A mpaka Z, manambala ndi mivi yomwe. Yang'ana sikirini ili yoyera komanso ili yakuda, kuti uone ngati mulibe mizere kapena timadontho. Tseka ndi kutsegula chivindikiro kangapo, umve ngati mahinji sakulira. Lowetsa fulashi m'mabowo onse a USB. Yatsa intaneti ya pafoni pako uone ngati Wi-Fi ikugwira, yesa kamera ndi masipika, kenako solola chaja uone ngati ipirire. Pomaliza muuze wogulitsayo alowe mu BIOS iwe ukuona. Ikafunsa mawu achinsinsi amene iye sakuwadziwa, ibweze, chifukwa mwina mwini wake akuilirabe kwinakwake.

Chaja nachonso uchiyang'ane. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo pa chaja chenicheni pamalembedwa 100-240V. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona, ngati a ku Britain, pomwe katundu wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano obulungira. Usamakanikize pulagi yoteroyo ndi kamtengo monga amachitira anzako. Gula chingwe choyenera, sichidula.

Pa Facebook ndi pa WhatsApp udzaona zithunzi zokongola ndi mitengo yogwetsa mtima, wina n'kumati tumizani kaye theka pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti tikusungireni. Ndalama ya nandolo isapite kwa munthu amene sunamuone nkhope. Gula pamalo pamene pali chitseko chimene ungadzagogodenso mawa. Pa lisiti alembepo dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa laputopu, nambala yake ya siriyo imene ili kunsi kwake, ndi masiku amene akulola kuti ubweze ikavuta. Nambala ya siriyoyo uilembenso m'kope lako, poti ndi imene apolisi amafunsa katundu akabedwa. Ndipo usapite wekha. Msuweni wako wa ku Bangwe akakudikira pa depoti.

Ndalama zikapanda kukwana ya mbadwo wa 8, usalire ndipo usakongole kwa akatapila. Tenga ThinkPad kapena Latitude yokulirapo msinkhu, bola ikhale ndi SSD ndi batire labwino, n'kuikamo Ubuntu m'malo mwa Windows. Pulogalamu imeneyi ndi yaulere, inayamba kutuluka mu 2004, ndipo anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzina lakelo ndi umunthu womwewu timaunena kuno. Polembera maasayimenti pali LibreOffice, yaulerenso, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Zimenezi zikupulumutsa ku mapulogalamu akuba amene anyamata amaika m'makina a anzawo pamodzi ndi mavairasi.

Ukagula, uisamale ngati khasu lobwereka. Usaigwiritse ntchito ili pa bulangeti, chifukwa timabowo topumira tikatsekeka imatentha, ndipo kutentha ndiko kumapha batire. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, solola chaja kukhoma. Kapu ya tiyi ikhale kutali ndi kiyibodi. Chilichonse chimene walemba chikhale pawiri, pa fulashi ndi pa Google Drive, pamene amapereka 15GB mwaulere. Kuhositelo uzikiyira m'sutikesi ngakhale ukungopita kukasamba. Anzako adzabwereka, ndipo kukana kumavuta. Wofuna kulemba azilembera pomwepo iwe ulipo.

Pa holide ubwere nayo. Mayi ako akufuna uwaikire kaundula wa banki mkhonde m'makinamo, poti kope lawo linanyowa ndi mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo masamba ena samawerengekanso. Mlongo wako wa Sitandade 7 wayamba kale kuuza anzake kuti Khirisimasi ikamafika adzakhala akudziwa kutaipa.

Ukafika m'sitolomo mawa, usanatulutse envulopu, uwaimbire bambo ako uwawerengere nambala ya purosesa ndi mizere iwiri ija ya batire. Foni aitchaja kale, ndipo sapita kudimba mpaka utaimba.

Ndi bambo ako,
pamodzi ndi mayi ako amene akuti usaiwale chigumu chili m'thumba la pambali.